Fungo la m'khola ndi feteleza amene akutithawa

Aliyense wa ife amene adakulira pakhomo pa ng'ombe amalidziwa fungo limeneli. Mukalawira m'mamawa mwezi wa Okutobala kuti mukakame, mukangotsegula chitseko cha khola limakulasani m'mphuno ngati tsabola wa kambuzi, misozi n'kulengeza m'maso. Tidakula tikumva kuti ndi mmene khola limanunkhira, basi. Ena tinkachita nalo manyazi kukabwera alendo. Ena tinkanyadira, poti khola lonunkha limachitira umboni kuti pakhomo pali chuma. Koma palibe amene adatiuza kuti fungoli lili ndi dzina, lili ndi mtengo, ndiponso kuti tidakumana nalo kale m'kalasi koma osalizindikira.

Dzina lake ndi amoniya. Ku sekondale tidalemba NH3 m'makope athu. Tidaloweza kuti ndi mpweya wosaoneka ndi maso, wa fungo lobaya, umene umasandutsa kapepala kofiira ka litimasi kukhala kabuluu. Tidayankha mafunso a MANEB, tidakhoza, kenaka patchuthi tidapita kukapala ndowe m'khola la kwathu osaganizako n'komwe kuti chimene chikutiliza maso ndi chomwe chija tidalemba pamayeso.

Maganizo athu ndi awa: fungo lobaya la m'khola ndi chakudya cha mbewu chimene chikuuluka. Mlimi wa kuno ku Ntcheu amene akulira ndi mtengo wa feteleza akutaya feteleza wina tsiku lililonse kuseri kwa nyumba yake. Kuchepetsa kutayikaku sikufuna ndalama zambiri, ndipo kukuyeza sikufuna makina ochokera kunja. Kukufuna munthu woti alumikize za m'buku ndi za m'khola, ndipo munthuyo ndi mphunzitsi. Ndi ife amene tikusulidwa pano pa Lakeview.

Chimachitika n'chiyani pansi pa ng'ombe?

Ng'ombe ikadya nsenjere, madeya ndi masamba a lukina, imalandira nayitrojeni kudzera m'zakudya zomanga thupi. Ngakhale pa ng'ombe yodyetsedwa bwino, gawo la nayitrojeni limene limalowa mu mkaka ndi pafupifupi limodzi mwa magawo anayi. Wochepa amatsala m'thupi, ndipo wina yense amatulukira njira ziwiri: ndowe ndi mkodzo. Wa m'ndowe ndi womangika, amamasuka pang'onopang'ono ndowezo zikamaola. Wa mu mkodzo ndiye wachangu, ndipo wambiri mwa iye ndi yureya. Inde, yureya yemwe uja timagula m'thumba kuti tibereketsere chimanga. Kusiyana kwake n'kwakuti wa m'thumba adapangidwa kufakitale, pomwe uyu wapangidwa m'chiwindi cha ng'ombe.

Yureya payekha sauluka. Vuto limayamba mkodzo ukakumana ndi ndowe. M'ndowe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatulutsa chinthu chotchedwa urease. Ntchito yake tingaiyerekeze ndi ya chimera. Phala limakhala losatsekemera mpaka mutathiramo chimera, chimene chimaphwanya ufa uja n'kuusandutsa shuga, thobwa n'kukoma. Urease nayenso akakhudza yureya amamuphwanya, ndipo m'maola ochepa chabe amoniya amayamba kukwera m'mwamba. Ndiye chifukwa chake khola limanunkha kwambiri m'mamawa, ng'ombe zitapondaponda ndowe ndi mkodzo usiku wonse.

Pali zinthu zinayi zimene zimafulumizitsa kuthawaku. Choyamba ndi kutentha: khola la kuchigwa cha Bwanje mu Okutobala limataya msanga kuposa la kumapiri a Tsangano mu Juni. Chachiwiri ndi mphepo, imene imasesa mpweya wa pamwamba pa ndowe n'kupatsa wina mpata wotuluka. Chachitatu ndi kumwazikana: ndowe zoyalidwa pabwalo lalikulu zimataya zambiri kuposa zounjikidwa pamodzi. Chachinayi ndi zinthu monga phulusa ndi laimu, zimene zimakweza pH. Amoniya akakhala m'madzi a asidi pang'ono amamangika ndipo sathawa, koma pH ikakwera amamasuka. Amayi athu akathira phulusa la pamoto pa ndowe zaziwisi kuti ntchentche zichepe, amatsegula chitseko chimenechi osadziwa.

Tiyeni tiwerengere

Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti, ndiye kuti makilogalamu 23. Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC, m'malangizo ake a 2006, lidaika ziwerengero zothandiza mayiko kuyerekeza zotuluka m'ziweto. Tikazitsata, ng'ombe ya mkaka ya mu Africa imatulutsa nayitrojeni pafupifupi makilogalamu 60 pachaka. Tikagawa 60 ndi 23 tikupeza matumba awiri ndi theka.

Tisanamizane: sikuti nayitrojeni yenseyu angagwidwe, ndipo si yense amene mbewu ingamudye chaka choyamba. Koma pamene khola lilibe denga, mkodzo ukungolowa pansi, ndipo mulu wa ndowe wakhala padzuwa miyezi inayi, si zachilendo kuti gawo limodzi mwa atatu, mwinanso theka, litayike. Lina limauluka, lina limakokoloka ndi mvula, lina limalowerera m'nthaka pamalo pamene sipadzadzalidwa kanthu. Pa ng'ombe imodzi, kutayikako ndi kofanana ndi thumba lathunthu la yureya chaka chilichonse.

Thumba limodzi si nkhani yocheza. Pamene ndondomeko ya AIP inkayamba mu 2020, wolandira ankaombola thumba ndi K4,495. Mtengowo udakwera kufika pa K7,500, kenakanso K15,000, pomwe ambiri mayina awo sankatuluka n'komwe. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 feteleza adakwera mtengo padziko lonse, ndipo mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pamsika, thumba lidadutsa K100,000. Ambiri a ife tikudziwa kuti fizi yathu imachokera mu mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato zimene makolo amagulitsa pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano, ndipo mbewu zimenezi ndi zadyera pa nkhani ya feteleza. Thumba lililonse losagulidwa ndi gawo la fizi ya wina mwa ife.

Taganiziraninso ulendo wa thumbalo. Mpweya umene timapuma, pafupifupi 78 peresenti ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingamudye ali choncho. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany adapeza njira yomugwira n'kumusandutsa amoniya, ndipo mu 1913 Carl Bosch adaifikitsa pa fakitale yaikulu. Njirayi imafuna moto woposa madigiri 400, mphamvu yopanikiza yoopsa, ndi gasi wambiri wa pansi pa nthaka. Amoniyayo amasandutsidwa yureya, amakwera sitima yapamadzi mpaka ku Beira kapena Nacala, amalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu likusowa, kenaka amakwera malole amene timawaona pamsewu wa M1. Chinthu chimene dziko limachivutikira chotere, ng'ombe ikutipatsa pakhomo, ife n'kumachibwezera kumwamba.

Palinso mbali ya thanzi, imene ife a Adventist sitiyenera kuilumpha poti timalalikira za mpweya wabwino. Amoniya amayabwa m'maso ndi kukhosi, ndipo akachuluka m'khola lotsekeka amafooketsa mapapo, makamaka a ana a ng'ombe. Mphuno ya munthu imayamba kumumva ali wochepa kwambiri, ndipo m'mayiko ambiri malire a pamalo a ntchito ndi magawo 25 pa miliyoni. Pansi pa chinyontho chimene chimabala fungoli ndi pomwenso pamaola ziboda ndi kufalikira matenda otupitsa bere. Mkaka wa ng'ombe yodwala bere ukabwezedwa kumalo osonkhanitsira mkaka, mlimi wataya kawiri.

Kodi si nkhani ya azungu imeneyi?

Mukafufuza pa intaneti za amoniya wa m'makola, zambiri zimene mupeze ndi za ku Ulaya. Kumeneko mpweyawu woposa 90 peresenti umachokera ku ulimi. Ukakwera, umasakanikirana ndi utsi wa galimoto ndi mafakitale n'kupanga tifumbi tating'ono kwambiri tolowa m'mapapo. Wina umagweranso pansi n'kuwonjezera asidi m'nthaka, kupha zomera zachilengedwe ndi kuchulukitsa ndere m'madzi.

Dziko la Netherlands kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a Malawi, koma lili ndi ng'ombe pafupifupi 4 miliyoni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 malamulo a kumeneko amakakamiza alimi kuvundikira mosungira ndowe zamadzi ndi kuzilowetsa m'nthaka m'malo mozimwaza pamwamba. Komabe mu Meyi 2019 khothi lalikulu loona za kayendetsedwe ka boma lidagamula kuti ndondomeko ya dzikolo yochepetsera nayitrojeni siikuteteza chilengedwe mokwanira. Ntchito zambiri za zomangamanga zidaima. Pa 1 Okutobala chaka chomwecho alimi adatseka misewu ndi mathirakitala polowera ku The Hague, pokana zoti achepetse ziweto.

Wina anganene kuti amenewo ndi mavuto a anthu okhuta. Ku Ntcheu banja la mkaka lili ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, ndipo ulimi wa mkaka wakhazikika kwambiri ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje kuposa kuno. N'zoona, ndipo sitikunena kuti makola athu akuwononga mlengalenga ngati a ku Netherlands. Koma kubooka kwa ndowa n'kumodzi. Iwo akudandaula kuti madzi akuwanyowetsera m'nyumba. Ife tikudandaula kuti tikufika kumudzi ndowa ili gwa. Iwo ali ndi nayitrojeni wochuluka mpaka kusowa komutaya, ife nthaka yathu ikumulira, chimanga chikuchita chikasu chisanamasule. Ngati pali woyenera kuthamangira kutseka bowolo, ndi amene ali ndi zochepa.

Chosayezedwa sichisamalidwa

Chaka chilichonse nyengo yokolola ikatha, alangizi a zaulimi amalimbikitsa alimi kupanga manyowa: a m'dzenje, a chimato, a changu, a m'khola. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo tiyenera kuiyamika. Koma kawirikawiri chimene chimawerengedwa ndi milu. Mudzi wakuti wapanga milu yochuluka mwakuti, anthu n'kuomba m'manja. Funso lakuti m'muluwo mwatsala mphamvu yanji silifunsidwa. Milu iwiri itha kufanana msinkhu, wina uli chakudya cha mbewu, wina uli zinyalala zouma zimene dzuwa lidayamwa kale.

Akatswiri ali ndi njira zawo zoyezera. Amavundikira kachigawo ka pansi pa khola ndi bokosi, n'kukoka mpweya wake kuudutsitsa mu asidi amene amagwira amoniya. Amapachika timachubu tosintha mtundu. Amawerengera nayitrojeni wolowa m'chakudya, kuchotsapo wa mu mkaka ndi wotsala m'manyowa, kuti adziwe wosowa. Masiku ano ngakhale masetilaiti amatha kuona madera amene amoniya wachuluka. Malabotale monga a ku Chitedze, Bvumbwe ndi Bunda amayeza nayitrojeni m'dothi ndi m'zomera, ndipo njira yodziwika ya ntchitoyi idapezedwa ndi Johan Kjeldahl wa ku Denmark mu 1883.

Ife tilibe zonsezo, koma tidaphunzitsidwa TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Tengani ndowa zitatu zofanana zokhala ndi zivundikiro. Mu iliyonse ikanimo muyeso wofanana wa ndowe zaziwisi ndi mkodzo wa ng'ombe, woyezedwa pasikelo ndi pakapu. Yoyamba isiyeni choncho. Yachiwiri thiranimo dzanja limodzi la phulusa. Yachitatu sakanizani ndi mapesi odulidwa, pamwamba n'kuwazapo dothi. Kunsi kwa chivundikiro chilichonse matanipo kapepala kofiira ka litimasi konyowetsedwa, kasakhudze ndowe. Ophunzira aziyang'ana ndi wotchi m'manja, azilemba mphindi zimene kapepala kalikonse katenge kuti kasanduke kabuluu. Bwerezani mawa lake, mkuja, ndi pakatha mlungu. Bwerezaninso ndowa zina zili padzuwa, zina pamthunzi.

Kulibe litimasi? Vikani chidede m'madzi otentha, nyikanimo timapepala toyera, tiumitseni. Madzi ofiira a chidede akakumana ndi amoniya amatembenukira kobiriwira. Kumene kuli labotale, ikani kakapu ka asidi wosungunulidwa m'kati mwa ndowa yotsekedwa kwa tsiku lathunthu, kenaka ophunzira a Fomu 4 ayeze kuti asidi wadyedwa ndi wochuluka bwanji, monga amachitira pokonzekera mayeso a m'labotale. Pamenepo apeza nambala yeniyeni yoyerekeza ndowa ina ndi inzake. Asidi azigwira ndi mphunzitsi, ana asalowetse nkhope m'ndowa, ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Muyeso womaliza, umene makolo angaukhulupirire kuposa kapepala, ndi chimanga. Pamunda wa sukulu, mizere ina ithiridwe manyowa a mulu wovundikira, ina a mulu wa padzuwa, ina isathiridwe kanthu. Mbewu imodzi, tsiku lodzala limodzi, muyeso umodzi paphando. Pokolola, sikelo iyankhule yokha. Ngati zotsatira zitatsutsa zimene timayembekeza, tizilembe momwemo, chifukwa kunama pa sikelo n'koletsedwa m'kalasi ndi kutchalitchi komwe.

Kutseka mabowo

Njira zochepetsera kutayikaku zikuchokera pa zomwe tafotokoza zija.

Yoyamba ndi kulekanitsa mkodzo ndi ndowe. Pansi pa khola pakhale potsetsereka pang'ono, ndi kangalande kotsogolera mkodzo ku chigubu kapena dzenje lomata lokhala ndi chivundikiro. Ndowe zizichotsedwa tsiku lililonse, makamaka mukangomaliza kukama. Mkodzo wosungidwa motsekedwa ndi feteleza wamadzi. Musungunule ndi madzi ochuluka kuti usawauke mbewu, muuthire m'munsi mwa nsenjere kapena chimanga madzulo kukazizira, n'kukwirira. Dzenje lotere likhale kutali ndi chitsime, lotetezedwa kuti ana asagweremo, ndipo munthu asalowemo.

Yachiwiri ndi zoyala. Mapesi, udzu wouma, makoko a mtedza, utuchi ndi zotsala modyera zimamwa mkodzo, ndipo tizilombo toolesa zinthuzi timagwira nayitrojeni m'matupi mwawo n'kudzamumasula m'munda. Iyi ndi njira yoyenera ngakhale makola a ng'ombe zathu zamakolo, amene nthawi ya dzinja amasanduka chithaphwi chofika m'mawondo. Denga la udzu pa theka la khola, ndi zoyala zowonjezeredwa kawirikawiri, zimasintha zinthu.

Yachitatu ndi kusamala mulu. Uunjikidwe pamthunzi, utsenderedwe, uvundikiridwe ndi pulasitiki yakale, masamba a nthochi kapena dothi. Kafukufuku adasonyeza kuti kungofunditsa mulu ndi pulasitiki kumachepetsa kwambiri nayitrojeni wotayika.

Yachinayi ndi kusiya kuthira phulusa ndi laimu pa ndowe zaziwisi. Phulusa ndi labwino kumunda, lili ndi potashi, koma lipite palokha. Apa tiyenera kutchulapo manyowa a Mbeya, amene afala chifukwa cha kudula kwa feteleza. Amasakaniza ndowe, madeya, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21. Amene adamasulapo thumba lotere akudziwa mmene limabayira m'mphuno. Sitikunyoza njirayi, poti alimi ambiri akuiyamikira. Tikungoti yureya ndi phulusa zikakumana pa chinyontho, amoniya amatuluka ndithu. Choncho thumba limangidwe zolimba, akaumitsidwe pamthunzi mosachedwetsa, ndipo akathiridwa akwiriridwe. Ndi funso labwinonso loti ana asukulu aliyeze ndi ndowa zawo zija.

Yachisanu ndi nthawi yothira. Tonse tidaonapo timilu ta manyowa titandandalikidwa m'munda kuyambira Ogasiti, tikuwambidwa ndi dzuwa mpaka mvula yoyamba. Mwini wake amaoneka wakhama, koma mphamvu yachangu ya manyowawo imakhala itapita. Manyowa akafika kumunda alowe m'nthaka tsiku lomwelo, m'mapando kapena m'mizere. Ngati sizitheka, akhale mulu umodzi wovundikira m'mbali mwa munda.

Yomaliza ndi chakudya. Ng'ombe ikapatsidwa zomanga thupi zoposa zimene ingagwiritse ntchito, zotsalazo zimathera mu mkodzo. Ku Ulaya ili ndi vuto lalikulu. Kuno ng'ombe zambiri zimaperewera zomanga thupi, makamaka m'chilimwe, ndiye tisatengere malangizo a eni ake n'kuyamba kumana ng'ombe yoonda kale. Chofunika ndi kusakaniza bwino udzu, madeya ndi masamba a mitengo ya nyemba, motsatira mlangizi wa ziweto.

Zodandaula zimene tiyenera kuzimva

Wina ati simenti ndi yodula. N'zoona. Koma mwa njira zisanu ndi imodzi tatchulazi, imodzi yokha ndi imene ingafune simenti, ndipo nayonso itha kuyamba ndi njerwa zootcha kapena dothi la pachulu lotsenderedwa bwino. Kuvundikira mulu, kusunga phulusa padera ndi kukwirira manyowa sikulira tambala.

Wina ati ntchito yachuluka kale. Dandaulo ili ndi lolemera, chifukwa pamakomo ambiri omweta udzu, otunga madzi a ng'ombe ndi opala ndowe ndi amayi ndi ana, pomwe ndalama ya mkaka imalandiridwa ndi wina. Ngati uphungu wathu ungowonjezera mtolo pamutu pa mtsikana amene akuyenera kukhala m'kalasi 7 koloko, ndiye kuti talakwitsa. Abambo ndi anyamata, ife tomwe tikakhala patchuthi, tigwire fosholo. Khola lokonzedwa bwino limachepetsanso ntchito: kupala ndowe za tsiku limodzi n'kopepuka kuposa kukumba matope a miyezi itatu.

Wina ati mapesi ali ndi ntchito zambiri: chakudya cha ziweto, kuphimbira nthaka, ngakhale nkhuni. N'zoonanso. Koma tikayang'ana utsi umene umakwera m'minda ndi m'mapiri mwezi wa Seputembala, osaka mbewa atayatsa tchire, sitinganene kuti zoyala zikusowa.

Wina ati manyowa sangalowe m'malo mwa feteleza. Sitikutsutsa. Ng'ombe imodzi singadyetse maekala atatu. Koma manyowa abwino amachepetsa matumba ogula, ndipo amathandiza nthaka kusunga chinyontho ndi kugwira feteleza wochepa amene wathiridwayo. Ziwirizi zimayenda bwino limodzi.

Ndipo wina wa mumpingo afunsa za Sabata, poti ng'ombe siidziwa kuti dzuwa lalowa Lachisanu. Kukama ndi kudyetsa n'chifundo chimene chiweto sichingadikire. Zina zonse zili ndi tsiku lake lokonzekera. Monga amayi amaphikiratu ndi kusitiratu, khola lipalidwe Lachisanu masana, chigubu chikhuthulidwe, zoyala ziikidwe zochindikala zoti zimwe mpaka Sabata litatha. Kusunga Sabata kumaphunzitsa kukonzekera, ndipo kukonzekerako ndi kumene khola likufuna.

Gawo lathu

Pano tili pakati pa Angoni a kwa Gomani, amene kwa makolo awo khola silidali malo ogona ng'ombe chabe, koma mtima wa mudzi. Sitikubweretsa ulemu wa khola kwa anthu amene saudziwa. Tikungowonjezerapo kachidziwitso kamodzi kamene sukulu idatipatsa, ife n'kukasunga m'kope.

Timaphunzitsa za ukapitawo, ndipo nthawi zambiri timathera pa chakhumi ndi zopereka. Koma ntchito yoyamba imene munthu adapatsidwa pa Genesis 2:15 idali ya m'munda. Pa Yohane 6, anthu atakhuta, makombo adatoleredwa ngakhale kuti Wopereka akadatha kuchulukitsanso mkate. Pa Luka 13, wosamalira munda atapempha chaka china cha mkuyu wosabala, chimene adalonjeza ndi kuukumbira ndi kuuthira ndowe. Ellen G. White, m'buku lake lotchedwa Education la 1903, adalimbikitsa kuti sukulu ziziphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja pamodzi ndi za m'mabuku. Mphunzitsi wotuluka m'sukulu ya mpingo amene amanyansidwa ndi ndowe ndiye kuti sadamve bwino cholowa chake.

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, aliyense wa ife amene akupita kukaphunzitsa moyeserera atenge phunziro limodzi la ndowa zitatu. Wa sayansi ndi ulimi aliphunzitse mwachindunji, wa masamu agwiritse ntchito manambala ake pojambula magirafu, wa Chichewa auze ana alembe kalata yofotokozera makolo zimene aona. Chachiwiri, ife ophunzira tigwirizane ndi mlimi mmodzi kapena awiri a ng'ombe a kuno ku Mlangeni, pamodzi ndi mlangizi wa dera lino, tiunjike milu iwiri, wovundikira ndi wosavundikira, tidzale mizere yathu, ndipo zotsatira zake zidzasindikizidwe m'magazini ino, zikome zisakome. Chachitatu, amene amatsogolera kampeni ya manyowa m'boma lino ayambe kufunsa za ubwino wa mulu, osati kuchuluka kwa milu kokha, ndipo magulu a alimi a mkaka, pamene akupatsirana ng'ombe, aziona ngati khola la wolandira lili ndi potsetsereka, ngalande ndi malo a mthunzi osungira ndowe.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife fodya sitifwenkha, koma mwambiwu watipeza. Wa m'sitima ya ku Beira ndi wa mphepo: atha kuchedwa, atha kukwera mtengo, dzina litha kusatuluka. Wathu ndi amene akutibaya m'mphuno m'mamawa uliwonse. Patchuthi chikubwerachi, tikatsegula chitseko cha khola misozi n'kulengeza, tisathawire panja. Tiyang'ane kumene mkodzo ukupita, tifunse kumene phulusa limatayidwa, tipeze chovundikirira mulu.